NJERE ZA MORINGA ZIYERETSA MADZI A MATOPE

Mau olankhulidwa kwa alimi ndi akazi ao

M'nyengo ya dzinja mitsinje ndi zitsime zosazama zimadzala ndi madzi ofiira. Ngakhale mai asiye mtsuko tsiku lonse, madziwo sayera. Mcenga umatsika msanga, koma dongo limatsalira m'madzi, ndipo pamodzi nalo mumakhala tizirombo ta kolera ndi ta kutsegula m'mimba. Matenda awa amapha ana, nagoneka mlimi pa mphasa nthawi ya kupalira.

Cifukwa cace ndi ici. Tizidutswa ta dongo ndi tating'ono koposa, ndipo kali konse kali ndi mphamvu ya magetsi pa khungu lace. Mphamvuyo iri ya mitundu iwiri, monga mbali ziwiri za batire la toci. Zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Tizidutswa tonse ta dongo tiri ndi mphamvu ya mtundu umodzi, kotero timakankhana, ndipo sitingagwirane kuti tilemere ndi kumira.

Mtengo wa moringa, umene ena auchula camwamba, unacokera ku India. M'njere zace muli maproteni okhala ndi mphamvu ya mtundu winawo. Ufa wa njerezo ukalowa m'madzi, maproteniwo amakakamira pa khungu la dongo nathetsa kukankhana kuja. Tsono tizidutswa timagwirana, tipanga timibulu tolemera, ndipo potsika timatenga tizirombo tambiri. Ndiyo nchito imene mankhwala a alamu amagwira m'matanki a madzi a m'tauni.

Nzeruyi si yacilendo mu Africa. Akazi a ku Sudan akhala akuyeretsa nayo madzi a mtsinje wa Nile, ndipo Dr. Samia Jahn anafufuza macitidwe ao m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku University of Leicester anaiyesa pa malo oyeretsera madzi ku Thyolo m'Malawi, ndipo madzi anayera.

Kacitidwe kace nkosabvuta. Mai athyole zitheba zouma, acotse makoko a njere, asinje maso oyerawo kufikira akhale ufa wosalala. Njere imodzi imakwanira lita imodzi ya madzi a matope. Aike ufawo m'botolo la madzi oyera pang'ono, akhuchumule, asefe pa nsaru, nathire mu ndowa. Abvundule mwamsanga mphindi 2, pambuyo pace pang'onopang'ono mphindi 10. Kubvundula kofulumira kumamwaza mankhwala, kwa pang'onopang'ono kumalola timibulu kukula osasweka. Akatero asiye ndowayo osaigwedeza ola limodzi kapena awiri, ndipo atsanulire madzi a pamwamba mu mtsuko wotsuka.

Pali macenjezo awiri. Loyamba, kucurukitsa ufa kumaononga nchito. Khungu la dongo likadzala kotheratu ndi maproteni, tizidutswa timayambanso kukankhana, ndipo madzi sayera. Ndiponso ufa wotsalamo umasanduka cakudya ca tizirombo, cotero madziwo asasungidwe masiku ambiri.

Laciwiri, madzi oyera m'maso sali oyera konse. Moringa imacepetsa tizirombo, koma siitha tonse. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo klorini imagwira bwino nchito m'madzi amene matope acokamo kale.

Mtengowu umaphuka ndi njere kapena ndi nthambi, umapirira cilala, ndipo masamba ace ndi ndiwo. Banja liri lonse libzale mitengo iwiri kapena itatu mvula ya caka cino isanathe.