Kodi Nsomba ndi Masamba a m'Thanki Zingatibwezere Ndalama?

Mau amene mmodzi wa ife anayankhula pa msonkhano wa pachaka wa ophunzira akale ku Utale

Mwandipempha kuti ndiikepo maganizo pa chikonzero chakuti thumba lathu ligulire sukulu zipangizo zowetera nsomba ndi kulima ndiwo zamasamba m'madzi amodzi, zimene pa Chingerezi amati aquaponics. Ndalamazi tinasonkha movutikira, tsono ndiyankhula mosapsatira.

Ndiyambe ndi kagwiridwe kake ka ntchito, kuthandiza aja ankawodzera kumbuyo pa phunziro la sayansi. Nsomba zimakhala m'thanki. Zikadya zimatulutsa amoniya, amene akachuluka amapha nsomba zomwezo. Pampu imakankha madziwo kupita m'mabedi odzaza ndi timiyala, ndipo pa timiyalapo pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tosandutsa amoniya uja kukhala naitireti, chakudya cha mbewu chomwe chija timachigula m'thumba la CAN. Mizu ikayamwa, madzi amabwerera kwa nsomba ali oyera. Dothi palibe, kupalira palibe, ndipo madzi otayika ndi ochepa zedi.

Kwa ife a kuno zimenezi n'zokopa. Balaka ndi dera louma, Rivirivi mukumudziwa m'mene amakhalira mu Okutobala, ndipo mtengo wa feteleza unatithawa kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngakhale kutentha kumene timadandaula nako nsomba kumazikomera, pakuti makumba amakula bwino madzi akafunda pakati pa madigiri 25 ndi 30.

Tsopano tiwerengetsere. Tinene kuti taika ana a nsomba 100 m'thanki, ndipo taweta miyezi isanu ndi iwiri mpaka iliyonse yafika magalamu 250. Chambo kapena makumba akafika pamenepo ndiye kuti tasamala kwambiri. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 25 basi. Kuti nsomba ilemere kilogalamu imodzi imadya chakudya chogula pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka kapena awiri, ndiye thumba lathunthu la makilogalamu 50 latha. Madeya okha sangakwanire, chifukwa m'thanki mulibe ndere ndi tizilombo timene nsomba imadzipezera yokha m'dziwe. Ikanipo mitengo ya lero nokha, muonjezerepo mtengo wa mbewu ya nsomba, ndipo muona kuti chotsala n'chochepa. Kumbukiraninso kuti pa msika wa Balaka kapena Liwonde nsomba zathu zikakumana ndi usipa, matemba ndi mlamba zimene palibe anazigulira chakudya.

Nanga masamba? Buku la bungwe la FAO la m'chaka cha 2014 limati magalamu 40 mpaka 50 a chakudya cha nsomba pa tsiku amakwanira kudyetsa bedi la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, lokhala ndi mbewu 20 mpaka 25. Thumba lathu lija tikaligawa pa masiku 200 ndi magalamu 250 pa tsiku, kutanthauza mabedi otere asanu kapena asanu ndi limodzi, mbewu zoposa 100 pa nthawi imodzi. Letesi amakololedwa pakatha milungu inayi kapena isanu chiwokereni. Choncho pamene nsomba tikukolola kamodzi, masamba takolola kasanu kapena kuposa. Ndalama ili m'masamba; nsomba ndi fakitale ya manyowa imene pomaliza timaidya.

Apa ndi pamene mtima wanga sukhazikika. Mpiru, repu ndi chainizi zimamera bwino m'mabedi amenewa, koma mayi wa dimba la m'mbali mwa mtsinje amagulitsa mpiru womwewo osagula pampu. Tingapikisane naye bwanji? Masamba amene angalipire pampu, mapaipi ndi batire ndi monga letesi ndi timasamba tonunkhiritsa chakudya, ndipo ogula ake ndi malo ogona alendo a ku Liwonde, mahotela ndi masitolo a ku Zomba ndi Blantyre. Letesi wothyoledwa m'mawa ku Utale, pofika masana ali pa kabaza, wafota kale. Wogula apezeke kaye tisanagule thanki.

Chachiwiri ndi magetsi. Pampu ikaima, nsomba zothithikana m'thanki zimayamba kupuma pamwamba ndipo zikhoza kufa zonse usiku umodzi, makamaka nyengo yotentha pamene madzi amasunga mpweya wochepa. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Sola ndi batire n'zofunika, ndipo batire ili ndi zaka zake. Nsabwe zikagwa pa masamba simungapopere mankhwala wamba, mupha nsomba. Madzi a pa mjigo ayesedwe kaye ngati alibe mchere wambiri. Ndipo ndani adzadyetse nsomba pa tchuthi?

Kuweta nsomba pamodzi ndi masamba si kwachilendo m'dziko muno. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, bungwe la ICLARM, limene tsopano ndi WorldFish, linagwira ntchito ndi Dipatimenti ya Zausodzi ku Domasi pophunzitsa alimi a ku Zomba ndi madera oyandikana nawo kulumikiza dziwe ndi dimba. Madeya, zitosi za nkhuku ndi zotsalira za masamba zimapita m'dziwe. Madzi ndi matope a m'dziwe zimapita m'dimba. Pampu palibe. Pa chilala cha 1992 alimi otere anapirira kuposa anzawo, kwenikweni kaamba ka madzi a m'dziwe amene anasunga madimba awo. Pitani ku Chingale mukaone nokha. Koma kumeneko kuli timitsinje tochokera m'phiri la Zomba toyenda chaka chonse, pamene kuno dziwe likhoza kuphwa nsomba zisanakule, ndipo lokumbidwa pafupi ndi mtsinje lingakokoloke monga zinachitikira m'madera ambiri pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Amene muli ndi malo a chinyontho chokhalitsa, njira ya Domasi ndiyo yotsika mtengo.

Za sukulu, pempho langa kwa a komiti ndi ili. Chaka chino tisagule zipangizo zazikulu. Tiyambe ndi thanki imodzi ya malita 1,000, mabedi ochepa ndi sola yake, zikhale m'manja mwa aphunzitsi a zaulimi ndi ana a kalabu yawo. Pakhale kope lolembamo tambala iliyonse yolowa ndi yotuluka, chakudya choperekedwa tsiku ndi tsiku, ndi nsomba iliyonse yakufa. Anzathu awiri okhala ku Liwonde ndi ku Zomba atifufuzire ogula letesi ndi mitengo yawo. Kopelo lidzawerengedwe pa msonkhano wa chaka chamawa tisanavotere ndalama zotsalazo.