Mwayi ndi Nzeru pa Kupeza Mankhwala Atsopano

Ine si dokotala ai, ndimagwira ntchito m'boma, koma nkhani ya mankhwala ndakhala ndikuikonda kuyambira ku yunivesite.

Anzanga a m'kalasi mwanga mukukumbukira mmene malungo ankatigonekera ku hositelo. Tili ana tinkamwa chloroquine, wowawa uja, woyabwitsa thupi. M'chaka cha 1993 dziko lathu linamusiya chifukwa tizirombo ta malungo tinali titamuzolowera, ndipo tinayamba kumwa Fansidar. Mu 2007 kunabwera LA. Kodi mankhwala otere amapezeka mwamwayi kapena mwanzeru?

Pa za mwayi, ambiri amatchula Alexander Fleming. Mu 1928, pa chipatala cha St Mary's ku London, iye anabwera kutchuthi ndi kupeza kuti kambale kamene ankaweteramo tizirombo kachita nkhungu, ngati ija imamera pa nsima yogonetsa. Pozungulira nkhunguyo tizirombo tinali titafa. Wina akanangotsuka mbaleyo. Iye anafunsa chifukwa chake. Komabe penisilini sanafike kwa odwala mpaka Howard Florey ndi Ernst Chain, ku Oxford, atavutika kumuyenga, ndipo anamuyesa pa wodwala mu 1941.

Njira ina ndi yoganiza dala. George Hitchings ndi Gertrude Elion a ku America anayamba aphunzira zimene kachirombo kamafuna kuti kaswane, kenaka n'kupanga mankhwala ofanana ndi zinthuzo kuti akanyenge, kalephere kuswana. Pyrimethamine, amene ali mu Fansidar tinkamwa uja, anachokera m'ntchito yawoyi. Analandira mphotho ya Nobel mu 1988.

Nanga LA? Mbali imodzi ya mankhwalawa imachokera ku artemisinin, amene Mayi Tu Youyou ndi anzawo anamupeza ku China mu 1972. Iwo anafufuza zitsamba zambirimbiri. Chitsamba cha qinghao chinkagwira ntchito lero, mawa ai. Powerenga buku lakalekale la sing'anga Ge Hong, anaona kuti iye ankanyika masambawo m'madzi ndi kuwafinya, osawiritsa. Apa anazindikira kuti kutentha ndiko kunkaononga mphamvu yake. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukuona tsono kuti mwayi pawokha sunachizepo munthu. Mwayi unagwera anthu amene maso awo anali ataphunzitsidwa kuona, ndi manja awo kuyeza. Ndipo ntchitoyi siinathe: ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka kale tizirombo timene tayamba kulimbana ndi artemisinin. Tsiku lina LA adzafuna womulowa m'malo, monga zinachitikira ndi chloroquine.

Dzulo ndinasuzumira m'labotale yathu ija. Ophunzira 60 akugawana maikulosikopu awiri, ndipo mipope ya madzi inauma. Mwana amene sanaonepo kachirombo ndi maso ake, ngakhale mwayi utamugwera, adzangotsuka mbale.

Choncho pempho langa ndi lakuti chopereka chathu cha chaka chino chipite ku labotale. Msungichuma wathu ali pakhomo ndi kabuku. Ine ndiyamba kulembetsa.