Mphika wa Munthu Mmodzi

Mawu amene mmodzi mwa ife anayankhula pa msonkhano wa ophunzira akale



Mwandipempha kuti ndinenepo mawu kwa achimwene ndi achemwali athu amene angoyamba ntchito ndipo akukhala okha. Ine si katswiri wa zophikaphika ayi. Umboni wanga ndi wakuti ndinakhala ndekha zaka zitatu m'kachipinda ka lendi pa Manjawira, m'mbali mwa msewu wa M1, ndikuphunzitsa, ndipo lero ndaima pano wamoyo.

Ambiri a ife titalemba mayeso a Fomu 4 tinalumbira kuti nyemba sitidzadyanso. Mukuzikumbukira nyemba zija, anankafumbwe ali yandayanda pamsuzi, mgaiwa uli pambali. Ine lumbiro limeneli ndinalisunga. Ndikalandira malipiro ndinkathamangira pachiwaya, tchipisi ndi kanyenya, chakumwa chozizira chili m'manja. Mwezi usanafike pakati dzina langa linali litalowa m'kabuku ka ngongole kuokala. Mwezi wina ndinakatenga katapila, ndipo wailesi yanga inapita ngati chikole.

Anandiwombola ndi mayi eninyumba. Tsiku lina anasuzumira napeza kangaude atamanga m'poto mwanga. "Aphunzitsi, kodi inu mumadya mphepo?" Anandikhazika pansi nandiuza kuti ndalama za munthu wokhala yekha zimathera pa zinthu ziwiri: makala, ndi kugula tinthu ting'onoting'ono tsiku ndi tsiku, monga ufa wa wokumani ndi mafuta a m'timachubu. Chiyambire Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mawu awowa ndimawakumbukira kawirikawiri.

Tsono anandibwezera ku nyemba zomwe zija, koma mwa njira yawo. Madzulo mumasankha kapu imodzi n'kuviika m'madzi. Mamawa, pamoto womwewo wa madzi osamba, mumataya madzi oviikirawo, kuthira ena, ndi kuzibwatitsa kwambiri kwa theka la ola. Musachite ulesi pamenepa, pakuti nyemba zosabwata bwino zimapotokola m'mimba. Kenaka mumaphula poto ali chivindikirire, kumukulunga m'bulangeti lakale, kumuika m'dengu, inu n'kumapita kuntchito. Poweruka masana mumapeza zitafewa zokha ndi kutentha komwe kuja, makala osawonjezera. Tsiku loyamba ndinkaganiza kuti mayiwa akundiseka. Nditavundukula ndinakhala kaye chete.

Chinsinsi china n'chakuti musakazinge poto yense. Tapani za nthawi imeneyo zokha, muthire tomato mmodzi ndi kaanyezi. Zotsalazo muzibwatitsenso madzulo ndi mamawa, chifukwa Manjawira kumatentha kuposa ku boma kwa Ntcheu, ndipo mu Okutobala ndiwo sizichedwa kusasa. Popanda filiji musaphike zopitirira masiku awiri. Tsiku lachiwiri ziphwanyeni ndi chipande, muthiremo nkhwani, zimakoma ngati ndiwo zina. Khobwe ndi nandolo zimalolanso njira yomweyi.

Mafuta ophikira ndinawachepetsa ndi nsinjiro. Gulani mtedza nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, musankhe bwino ndi kutaya wonse wachuku, pakuti chukucho chimaononga chiwindi. Supuni ziwiri za nsinjiro mu mpiru kapena m'chigwada, ndiwo zatheka. Mu mbatata yophika ndiye futali, kadzutsa wokufikitsani masana osayasamula m'kalasi. Nyengo yadzinja bonongwe ndi chisoso zimamera zokha kuseri kwa nyumba. Manyazi okathyola ndi amene amatisaukitsa ife ovala tayi. Chimanga gulani cha ndowa chikadali chotsika mtengo, mukagayitse mgaiwa. Inde, mgaiwa womwe uja. Sutayika ku madeya, ndipo umakhalitsa m'mimba. Kamulu ka usipa kagaweni katatu. A zaumoyo amanena za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Mukatolapo bango limodzi kapena papaya panjira, mwawakwanitsa onse m'chipinda chimodzi. Ife a ku Ntcheu tilinso ndi mwayi wa kachewere wa ku Tsangano ndi kabichi wa ku Lizulu, zimene anzathu a m'tauni amagula modula.

Chenjezo limodzi, ndipo apa sindikuseka. Mbaula ya makala musalowe nayo m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mawindo, ngakhale kuzizire bwanji mu Juni. Mpweya wake sununkha, umangokugonetsani tulo tosadzuka. Phikirani pakhonde.

Chimene chinandivuta koposa si kuphika ayi, koma kudya ndekha. Nsima ya munthu mmodzi silowa, ndipo nthawi zambiri chimene chinkandikokera pachiwaya kunali kufuna anthu ocheza nawo. Tinapangana ndi mnzanga wina wa kuchipatala: Lachitatu kwa iye, Loweruka kwa ine, aliyense kubwera ndi ufa wake. Katapila uja ndinamaliza kubweza patapita miyezi inayi, ngakhale wailesi ndinakapeza itagulitsidwa kale.

Amene mukufuna kuona mmene amakulungira poto, dengu ndabwera nalo, lili pakhomo apo. Nyemba ndaziphula nthawi ya 6 koloko mamawa uno, tikazilawe tikatuluka.