CHIWINDI NDI PHUMA

Lero tikambirane za phuma.

Munthu akamabanika, timafulumira kunena kuti ndi chifuwa. Koma nthawi zina gwero lake ndi chiwindi. Chiwindi chikaonongeka, timitsempha ta m'mapapo timakula mopitirira muyeso. Magazi amangodutsa osatenga mpweya wokwanira. Milomo imada. Nsonga za zala zimatupa. Chodabwitsa n'chakuti wodwalayo akakhala tsonga phuma limakula, akagona limachepa.

Ena tinamvapo za chipinda chachitsulo chimene wodwala amalowamo kukapuma okosijeni wopopedwa mwamphamvu. Chipindachi chimathandiza okomoka ndi mpweya woipa wa makala, ndiponso a zilonda zina zosapola. Koma sichichiritsa chiwindi. Munthu akatulukamo, phuma limabwerera. Chochiritsa ndi kumuika chiwindi china, monga amachitira madokotala ku Johannesburg. Kwa ife a ku Chifunde, kumeneko n'kutali!

Tiyang'ane zapafupi. Chiwindi chimaonongeka ndi kachasu, likodzo la m'matumbo ndi hepatitis B. Katemera wa hepatitis B anayamba m'Mozambique mu 2001: ana athu akabayitse. Wa phuma lotere tisamsunge m'nyumba. Timperekeze kuchipatala, ndipo tikawauze anamwino kuti akagona amapeza bwino.