Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotsekera Chaka cha Sukulu ku Amaramba

  Ndikudziwa kuti ambiri mwasiya makasu m'munda, ndiye sindikusungani mpaka dzuwa lipendeke.

Mwandipempha kuti ndilankhule za mphamvu ya maganizo, mmene munthu angaigwiritsire ntchito kuti afike pamene akufuna. Mphamvu imeneyi si chithumwa chomanga m'chiuno polowa m'mayeso. Si zija timamva pa foni masiku ano, zoti tseka maso, udzione uli m'galimoto, galimotoyo ibwera yokha. Mayi Gabriele Oettingen, katswiri wa za maganizo a anthu ku New York University, wafufuza nkhaniyi kwa zaka zoposa 20, ndipo anapeza zoti anthu ongokhalira kulota zabwino amachita zochepa kuposa anzawo. Mwa ophunzira amene ankamaliza maphunziro, aja ankalota kwambiri za ntchito yapamwamba ndi amene ankalemba makalata ochepa ofunsira ntchito. Mtima ukalawa chinthu m'maloto umakhuta, thupi n'kumasuka ngati ntchito yatha kale.

Chothandiza n'chiyani tsono? Mayi yemweyu, pamodzi ndi katswiri mnzake Peter Gollwitzer, akuti utchule chimene ukufuna, kenako uyang'ane chimene chidzakutchinge, ndipo ugamuliretu lero chimene udzachite chopingacho chikadzafika. Abambo asodzi muli panowa mukhoza kuseka, chifukwa izi mumazichita osapita ku New York. Msodzi wa makumba sayamba kuganiza za ukonde ali pakati pa nyanja. Masana amakhala pamthunzi, ukonde uli pamiyendo, chala chachikulu chakuphazi chakoka chingwe, iye akusoka pong'ambika diso limodzi limodzi. Bwato likamalowa madzi amalimata dzulo lake. Ndipo asanapalase n'komwe, amadziwiratu kuti mphepo ikauka athawira m'mabango ati. Nsomba amazilakalaka ndithu, koma mutu wake uli pa bowo.

Ana anga, ndikufuna mutu wanu ukhalenso pamenepo. Mtsikana akanena kuti ndikufuna unamwino, tonse timaomba m'manja, koma mawu amenewo paokha sanafikitsepo munthu ku Cuamba kapena ku Lichinga. Funso ndi ili: chidzakulepheretsa n'chiyani? Mwina ndi Chipwitikizi, poti kunyumba timalankhula Chinyanja, Chiyao kapena Chilomwe, pamene mayeso akulu amabwera m'Chipwitikizi. Mwina ndi kutopa, poti pochoka kusukulu pali mtondo, pali nkhuni, pali kuchitsime. Ukachitchula chopingacho, chipatse nthawi yake. Usanene kuti ndiziwerenga kwambiri, chifukwa "kwambiri" alibe ola. Nena kuti ndikatula ndowa yamadzulo, moto ndisanasonkhe, ndiwerenga masamba awiri mokweza, kukadali kowala. Ukatero sulimbananso ndi mtima wako madzulo aliwonse. Ndowa ikangofika pansi, dzanja limapita lokha ku buku.

Anyamata, mayesero anu ndikuwadziwa. Nthawi ya matemba ikafika, anzanu amene anasiya sukulu amadutsa ndi ndalama m'thumba ndi nsapato zatsopano, inu muli ndi kope lonyowa ndi mvula. Mukadikira kuti tsikulo lifike ndiye muganize choyankha, mwagonja kale. Konzani yankho lero, muli okhuta, mutu uli m'malo. Atsikana chimodzimodzi. Kuyambira 2019 dziko lino lili ndi lamulo loletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo ndi lamulo labwino. Koma bambo wa njinga yamoto akakuimitsani panjira yakuchitsime atanyamula foni yatsopano, lamulolo lidzakhala lili ku Maputo. Chimene chidzakhale nanu ndi mawu amene munakonzeratu, ndi dzina la mphunzitsi kapena azakhali amene mudzawauze tsiku lomwelo.

Palinso tsiku lina loti mulikonzekere, tsiku lolephera. Maria de Lurdes Mutola anali mtsikana wa ku Chamanculo, ku Maputo, wosewera mpira ndi anyamata, mpaka mlakatuli José Craveirinha anaona liwiro lake n'kumulozera ku masewero othamanga. Mu 1988, ali ndi zaka 15, anapita ku mpikisano wa Olimpiki ku Seoul ndipo anatuluka m'gawo loyamba lenilenilo. Mu 1992 ku Barcelona anakhala wachisanu. Mu 1995 ku Gothenburg, pa mpikisano wa dziko lonse, anamuchotsa chifukwa choponda kunja kwa mzere wake, pamene aliyense ankati apambana ndi iye. Mu 1996 ku Atlanta anakhala wachitatu. Golide wa mamita 800 anamupeza ku Sydney mu 2000, patapita zaka 12, ndipo anali golide woyamba wa Olimpiki wa Mozambique. Ife timakumbukira mbendera ndi nyimbo yafuko. Ine ndimaganiza za m'mawa wotsatira tsiku lija la ku Gothenburg, pamene anayenera kumanganso nsapato. Amene simunakhoze chaka chino, musabisale kuseri kwa anzanu uko. Kubwereza kalasi si mlandu.

Makolo anzanga, ambiri a inu munathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 munabwerera n'kupeza minda yasanduka tchire. Munalambula, munamanga. Za kulimba mtima sindingakuphunzitseni. Pempho langa ndi laling'ono: mwana akasankha ola lake lowerenga, olalo likhale lake. Musamutume mchere pa nthawi imeneyo. Ndipo m'mawa alaweko kanthu, ngakhale phala lopanda shuga, chifukwa mutu wa mwana wanjala sugwira masamu.

Apa ndinenenso poyera, akuluakulu a boma ochokera ku Insaca mukumva. Maganizo abwino samanga mlatho. Mtsinje ukadzaza, mwana wakhama ndi waulesi onse amaima kutsidya. Mabuku, madesiki ndi nyumba za aphunzitsi ndi ntchito ya ife akuluakulu, ndipo tisamabise ulesi wathu pouza ana kuti alimbe mtima.

Tsopano ana anga, musanagone lero tsegulani tsamba lomaliza la kope lanu. Lembani chinthu chimodzi chimene mukufuna chaka chamawa, chimodzi chokha, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pansi pake lembani chimene chingakutchingeni, ndi ola limene muzichita ntchitoyo tsiku ndi tsiku. Sukulu ikadzatsegulidwa mukaonetse aphunzitsi anu, ndipo aphunzitsi, chonde mudzawafunse.

Wapampando, ndaona ana ena akhala akusuzumira patebulo la mphatso kuyambira pamene ndinaimirira. Ndipatseni mayina tiyambe kuitana.