Banja Pamene Mwana Agwidwa ndi Chotupa cha Burkitt



Pakati pa matenda a khansa amene amagwira ana m'maiko otentha a mu Africa muno, nthenda yodziŵika kwambiri ndiyo chotupa cha Burkitt. Dzinali lidachokera kwa dokotala Denis Burkitt, mbadwa ya ku Ireland, amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala. Iyeyu adaona ana otupa nsagwada modabwitsa, nalemba za nthendayi mu 1958. Mu 1961 adayenda ndi anzake aŵiri ulendo wa mamailosi pafupifupi 10,000 pa galimoto, kupyola Tanganyika, Nyasaland, Rhodesia ndi Mozambique, akufunsa m'zipatala za boma ndi za mishoni. Adapeza kuti nthendayo imachuluka m'madera otentha ndi a mvula yambiri, koma kumapiri kozizira imasoŵa. Madera otenthawo ndi omwewo kumene malungo amasautsa ana chaka chonse. Tsono mu 1964, ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adapeza kachirombo m'zotupa zochokera ku Uganda. Lero akatswiri amavomereza kuti kachirombo kameneka, pamodzi ndi malungo obwerezabwereza, ndi zimene zimatsegula njira ya nthendayi.

Mbiri imeneyi njofunika chifukwa cha zimene zimachitika pakhomo pamene mwana ayamba kutupa. Kaŵirikaŵiri amakhala mwana wa zaka zisanu, zisanu ndi chimodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Tsaya limatupa, mano nkuyamba kugwedera. Kwa ena diso limatong'oka, kwa ena mimba ndiyo imakula. Makolo amayesa dzino, ndipo amalizula, koma kutupa sikuleka. Chotupachi chimakula msanga koposa zotupa zina, kotero kuti nkhope ya mwana imasinthika m'masabata oŵerengeka.

Apa ndi pamene banja limayesedwa. Achibale amasonkhana nayamba kufunsana kuti walakwa ndani. Ena amati ndi tsempho, nayang'ana bambo kapena mai ndi diso lokayika. Ena amatchula ufiti, naloza agogo okalamba a tsidya la dambo. Mwana amatemedwa mphini, mbuzi imapita kwa sing'anga, ndipo masiku amatha. Banja limene lidayenera kugwirana manja limagaŵikana, pamene nthendayo ilibe mlandu ndi munthu aliyense. Siipatsirana, ndipo siichokera ku cholakwa cha makolo.

Mwana akafika ku chipatala chachikulu, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena cha Kamuzu ku Lilongwe, madokotala amatenga kachidutswa ka chotupacho nakayang'ana pa makina oonera zinthu zazing'ono. Mau akuti khansa amagwetsa mtima wa mai, pakuti ambiri amaŵamva ngati chiŵeruzo cha imfa. Koma chotupa cha Burkitt chili m'gulu la makhansa amene amamva mankhwala. Mankhwala otchedwa cyclophosphamide, pamodzi ndi ena, amachiphwetsa m'masiku ochepa. Mwana amafunika madzi ambiri m'thupi kuti impso zitulutse zoipa za chotupa chosungunukacho. Amasanza, tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, ndipo thupi limafooka polimbana ndi matenda ena. Chifukwa chake akatentha thupi ali kunyumba, ayenera kubwerera kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngozi yaikulu imadza pamene zinthu zayamba kuoneka bwino. Kutupa kwaphwa, mwana wayambanso kuseka ndi kudya, ndipo makolo amaganiza kuti wachira. Mai wakhala masabata ambiri akudwazika, akuphika ku khitchini ya odwazika matenda, munda uli wosapalira, ana ena ali m'manja mwa agogo. Bambo wagulitsa chimanga cha m'nkhokwe kuti apeze ndalama za basi. Tsiku lobwerera kukalandira mankhwala likafika, m'nyumba mulibe kanthu. Komatu mizu ya nthendayo imakhala ikadalipo m'thupi, ndipo chotupa chikabwerera chimavuta kuchiza. Ana ena amatayika motero, mankhwala ali pomwepo, chifukwa chosoŵa choyendera.

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, lidanena kuti m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 alionse odwala khansa amachira, pamene m'maiko ambiri osauka ochira safika 30. Mu 2018 bungweli lidayamba ntchito yofuna kuti pofika 2030 ana 60 mwa 100 alionse azichira, ndipo chotupa cha Burkitt lidachiika pakati pa matenda asanu ndi limodzi oyambirira kulimbana nawo. Kusiyana kumeneku sikuchokera ku mankhwala okha ai. Kumachokeranso ku kuchedwa kufika kuchipatala ndi kusiyira mankhwala panjira. Zinthu ziŵiri zimenezi zili m'manja mwa mudzi.

Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mkulu wa mpingo akaona mwana wotupa tsaya, asadikire msonkhano wa abale; alangize makolo kupita kuchipatala m'maŵa mwake. Amai a chigwirizano angathe kupalira munda wa wodwazikayo, kutumiza ufa ndi nkhuni, ndi kusamba ana otsala pakhomo. Madikoni angathe kusunga masiku olembedwa pa khadi la kuchipatala ndi kusonkha ndalama za ulendo nthaŵi isanakwane. Mbusa akamva mau oneneza mai kapena agogo, aŵaletse poyera. Ndipo pamene mankhwala alephera, monga zimachitikira nthaŵi zina, banjalo lisasiyidwe lokha: alipo mankhwala oletsa ululu, ndipo mwana ali ndi ufulu woŵalandira kufikira tsiku lomaliza.