Utoto wa Galimoto ndi Nyengo ya ku Mangochi

Nkhani ya sabata ino ikukhudza omvera amene amapenta okha zipangizo za galimoto kapena za njinga yamoto pakhomo pawo, makamaka a ku Mangochi ndi madera ena a kummwera kwa Nyanja ya Malaŵi. Woyenda pamsewu wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi, kapena wopitirira mpaka ku Monkey Bay, amakumana ndi magalimoto onyamula anthu ndi nsomba, ambiri mwa iwo ogulidwa ku Japan atagwirako kale ntchito, pamodzi ndi njinga zamoto za kabaza zosawerengeka. Chitseko chikapindika pangozi, kapena thanki ya njinga ikasupuka, si onse amene angathe kulipira galaja ya ku Blantyre. Ambiri amagula utoto, nabwereka makina opopera, nagwira ntchitoyo kuseri kwa nyumba. Utoto ukadali wauwisi, chitsekocho chimawala ngati kalilole. Kukacha chili mbuu, kapena chatuluka timabampu ngati khungu la lalanje. Pamenepo mwini wake amatembenukira kwa wogulitsa utoto, nati adamugulitsa wachinyengo. Kawirikawiri wogulitsayo sakhala atalakwa.

Kunyezimira sikukhala m'chitini ayi. Kumabwera chifukwa cha kusalala. Anthu a m'mphepete mwa nyanja amadziwa kuti m'mamawa, madzi akakhala bata, mapiri ndi mabwato zimaoneka bwino lomwe m'madzimo, koma mwera ukangoyamba kuomba zithunzi zonsezo zimabalalika ngakhale madzi ali omwewo. Utoto nawonso ndi chimodzimodzi. Ukauma uli see, kuwala kumabwerera m'maso mwa munthu molunjika. Ukauma ndi timabampu, ngakhale tosaoneka ndi maso, kuwalako kumamwazikana ndipo chitsulo chimaoneka chothima.

Motero ntchito yaikulu imachitika utoto usanatsekulidwe nkomwe. Dzimbiri lichotsedwe lonse, pamene padabonyoka padzazidwe ndi fila, kenaka papoperedwe pulayima. Pulayimayo akauma akwechedwe ndi sandipepa wa nambala 600 kapena 800, wonyowetsedwa ndi madzi ndiponso wokulungidwa pakathabwa kosalala. Zala zokha zimasiya mizere imene utoto wonyezimira umaionetsa poyera m'malo moibisa.

Koma mdani wamkulu wa wopenta wa ku Mangochi ndi dzuwa. Bomali lili m'chigwa, pamtsinje wa Shire pakati pa Nyanja ya Malaŵi ndi Nyanja ya Malombe, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa masana kumapitirira madigiri 35. Chitsulo chakuda chosiyidwa padzuwa chingathe kupitirira madigiri 60. Utoto umafuna madigiri a pakati pa 20 ndi 25, chifukwa timadontho totuluka m'chopopera tiyenera kufika pachitsulo tili tamadzimadzi kuti tilumikizane ndi kudziyala tokha. Kukatentha kwambiri, thina amauluka timadonthoto tikadali m'malere, ndipo timagwa titauma kale mbali ina, n'kuunjikana ngati mchenga. Apa ndi pamene pamachokera khungu la lalanje lija. Mmisiri wanzeru m'nyengo yotentha amadzuka ndi asodzi, napopera pakati pa 6 koloko ndi 9 koloko m'mawa, pamthunzi, chitsulo chikadali chozizira. Amafunsanso m'sitolo thina wouma pang'onopang'ono, wopangidwira nyengo yotentha, osati kungothira thina wambiri wotsukira zida poganiza kuti utoto wamadzimadzi ndiwo uwale. Wotero umangoyenderera ngati misozi.

Kagwiridwe ka chopopera nakonso kali ndi malamulo ake. Chikhale pamtunda wa masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pachitsulo, kapena 25 mpaka 30 ngati utotowo ndi wa m'chitini chopopera ndi chala. Dzanja liyende molunjika ndi liwiro limodzi, mzere uliwonse ukuphimba theka la mzere wapitawo. Akapopera kamodzi adikire mphindi 10 kapena 15 asanabwereze. Ndi bwino kuyamba wayesa pachidutswa cha lata chakale, lata silidandaula.

Nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, imabweretsa vuto lina, ndipo ola la m'mamawa limene lidathandiza mu Okutobala tsopano limasanduka msampha. Thina akamauluka amaziziritsa pamwamba pa utoto, ndipo chinyezi cha mumpweya chimasanduka mame pomwepo. Utotowo umauma uli ndi chifunga choyera ngati wathiridwa mkaka. M'dzinja wopenta adikire mpaka mame atauma ndipo dzuwa lakwera pang'ono, asapopere mvula itangokata kumene, ndiponso asasiye chipangizo chopentedwa kumene panja usiku. Chinyezi chomwechi chimasonkhana m'thanki ya kompulesa, choncho madziwo azikhetsedwa tsiku lililonse. Apo ayi amatulukira limodzi ndi utoto. Dontho la oyilo, girizi wa m'manja kapena polishi wopopera wa m'kati mwa galimoto zimachititsa utoto kuthawa malo ena n'kusiya timaenje tozungulira, timene amisiri amatitcha maso a nsomba. Ku Mangochi dzinali silifuna kumasulira.

Pakati pa Meyi ndi Ogasiti kumazizira bwino, koma mwera umanyamula fumbi ndi mchenga. Pansi pawazidwe madzi, ndipo malowo atchingidwe ndi mphasa kapena pepala la pulasitiki mbali imene kukuchokera mphepo. Kupopera usiku pansi pa getsi ndi kuitanira udzudzu ndi agulugufe kuphwando. Kachilombo kakatera pautoto wauwisi kasiyidwe pomwepo mpaka utoto utauma, pakuti chala chimawononga malo aakulu kuposa kachilomboko.

Utoto ukauma pamatsala ntchito yopukuta, ndipo apa wopenta ayenera kudziwa mtundu wa utoto umene adagula. Woyamba ndi wa selulozi. Kampani ya DuPont ya ku America idautulutsa m'zaka za m'ma 1920 ndi dzina la Duco, ndipo udafupikitsa ntchito yopenta galimoto imene kale inkatenga masabata angapo. Mpaka lero dzina la duko likumvekabe pakati pa amisiri a m'maiko a kummwera kwa Afrika. Umauma msanga, ndiwo umachita chifunga mosavuta, koma umalola kukwechedwa ndi kupukutidwa patapita masiku angapo. Wachiwiri ndi enamelo wouma ndi mpweya, wotsika mtengo, amene amawala yekha koma amakhala wofewa m'kati kwa masabata ambiri. Womukwecha msanga amangomuthimitsa. Wachitatu ndi wa 2K, wosakanizidwa ndi hadena, kawirikawiri miyeso iwiri ya utoto pa muyeso umodzi wa hadena, ngakhale kuti mawu olembedwa pachitini ndiwo oyenera kutsatidwa. Umenewu umalimba kwambiri, umapirira dzuwa, ndipo ungathe kupukutidwa patapita tsiku limodzi kapena awiri. Ukasakanizidwa suchedwa kuuma m'chopopera momwemo, makamaka kukatentha.

Popukuta, sandipepa wa nambala 1500 aviikidwe m'madzi oyera othiramo kadontho ka sopo. Madziwo akhale osefedwa, chifukwa kanjere kamodzi ka mchenga wa kunyanja kamalemba mzere umene sufufutika. Akwechedwe mopepuka, napukutidwa ndi nsalu pafupipafupi kuti mmisiri aone pamene wafika: timadontho towala totsalira ndi timaenje tosafikidwa, ndipo tikatha ponse pali mbuu mofanana, abwereze ndi nambala 2000. Apa ambiri amagwa mphwayi poona chitseko chimene chinkawala chitathima, koma ndi momwe ziyenera kukhalira. Kenaka apake kompaundi pansalu yofewa ya thonje, napukuta kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, pamthunzi, mpaka kuwala kutabwerera, natsiriza ndi polishi wosalala. M'mphepete ndi m'makona asamalemo kwambiri. Kiliya, utoto wopanda mtundu umene umapoperedwa pamwamba pa mitundu yonyezimira ngati siliva, amakhala wopyapyala kuposa tsitsi la munthu, ndipo ukaboola palibenso mankhwala koma kupopera mwatsopano. Phula loteteza utoto lidikire mwezi wathunthu kapena kuposerapo, kuti thina wotsalira m'kati atuluke.

Pali chinthu china chimene omvera asachitenge mopepuka. Hadena wa utoto wa 2K ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate, amene amayambitsa mphumu, ndipo munthu amene mapapo ake agwidwa kamodzi angathe kubanika nthawi iliyonse akapumako ngakhale pang'ono chabe. Mpango womanga pamphuno kapena chophimba cha fumbi sizitchinga mankhwalawa. M'magalaja okonzedwa bwino opopera amavala chophimba nkhope cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi. Wopenta wa pakhomo amene alibe chida chotere achita bwino kusankha selulozi kapena enamelo, atavala chophimba chosefa nthunzi ya thina, kapena kukonza yekha chitsulocho mpaka pa pulayima, n'kukapereka ntchito yopopera kugalaja. Ana, nkhuku ndi nsomba zoyanika pathandala zikhale kutali ndi utsi wa utoto. Thina amayaka msanga, choncho mbaula ndi ndudu zisayandikire. Wotsala potsuka chopopera asatayidwe m'ngalande zotsikira ku Shire: athiridwe m'chitini chotsekedwa bwino, ndipo utoto ukadikha pansi, wapamwambayo adzatsukanso zida tsiku lina.